Tikufuna villa ku Tuscany, tili ndi ana atatu ndi agogo: tiyambire pati?

Funso lachokera kwa mayi ena omwe amakhala ku Leeds, ku UK. Akuti mu August akufuna kukakhala ku Italy sabata imodzi, iwowo, amuna awo, mng'ono wawo, ana atatu a zaka 11, 7 ndi 2, komanso mayi awo omwe akubwera kuchokera ku Zomba kudzacheza, ndipo maondo amawavuta. Akufuna kuchita lendi nyumba ya kumudzi, imene amati villa ija, pafupi ndi timatauni ta pamapiri ta ku Tuscany kapena Umbria. Aona nyumba zambirimbiri pa intaneti mpaka mutu waima, ndiye akuti asankhe bwanji?

Mayi, zikomo pofunsa nthawi ikadalipo. Ndathandizapo mabanja angapo kukonza ulendo wa dera limeneli ndipo chomwe ndimawauza onse poyamba n'chimodzi, tsekani kaye zithunzizo mutsegule mapu. Nyumba za kumeneko pa chithunzi zonse n'zokongola, miyala yakale, mpesa, mitengo ya cypress itandanda mumsewu, palibe yomwe mungaikane. Koma sabata yanu idzakoma kapena kuwawa chifukwa cha zinthu zomwe wojambula sajambula: msewu wochoka pa geti kukafika pa tala, masitepe opita kuchipinda, komanso chomwe chili pakati pa khomo la kukhitchini ndi swimming pool. Ndi mwana wa zaka 2 ndi agogo a maondo ovuta, zitatu zimenezi ndiye nyumbayo.

Tisanafike konko, za agogo. Viza yomwe alowere nayo ku UK siigwira ntchito ku Italy ayi. Ndi pasipoti ya Malawi akufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, ndipo lamulo lake n'lakuti munthu amafunsira kudziko komwe amakhala, ndiye musadikire kuti afike kaye ku Leeds ndiye muziyamba zimenezi, ayambe ali kumudzi konko. Amalola kufunsa kukadali miyezi 6 ulendo usanachitike. Mtengo wake kuyambira June 2024 ndi ma euro 90 munthu wamkulu, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yofika ma euro 30,000 komanso umboni wa komwe mukagone, zomwe zikutanthauza kuti kalata ya buking'i ya nyumbayo ikufunika msanga, dzina lawo lilipo. Wina aliyense m'banjamo yemwe akuyendabe pa pasipoti ya Malawi zimukhudzanso, kungoti iyeyo akhoza kufunsira ku UK komweko poti ndi komwe amakhala. Ndiye sankhani nyumba yomwe imabweza ndalama mukakansela nthawi yabwino, olo ikhale yodulirako pang'ono, chifukwa viza siili m'manja mwanu.

Tsono dera. Anthu ambiri amalakwitsa apa, amafuna sabata imodzi aone Florence, Pisa, San Gimignano, Siena, Assisi ndi Orvieto, poti pa mapu zikuoneka zoyandikana. Misewu ya kumapiri n'njokhotakhota, ana amachita mseru, ndipo makilomita 40 amatha kukudyerani ola lathunthu. Ine kwa banja ngati lanu ndimakonda chigawo cha pakati pa Montepulciano, Cortona ndi nyanja ya Trasimeno, pomwe Tuscany ndi Umbria akumanirana. Chifukwa chake, pansipo ndi chigwa, Valdichiana, misewu yake ndi yowongokerako, msewu waukulu wa A1 umadutsa pomwepo, siteshoni ya sitima ya Chiusi ili pa njanji ya pakati pa Rome ndi Florence, ndipo matauni a pamapiri akuzungulirani. Mukakhala cha ku Castiglione del Lago, ku Cortona kapena ku Montepulciano ndi theka la ola basi, Pienza kuposerako pang'ono, Assisi, Orvieto ndi Siena pafupifupi ola. Kuchoka pa eyapoti ya Fiumicino ku Rome ndi maola awiri ndi kanthu, kulinso eyapoti yaing'ono ku Perugia. San Gimignano ndi nsanja zake 14 zija ili kutaliko, muisiyire ulendo wina, sichoka.

Val d'Orcia, dera la zithunzi zotchuka lija lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika kuwasunga mu 2004, mudzapitako masana n'kubwerako. Kugona mkatikati mwake n'kokoma kwa anthu awiri, koma kwa inu kumakhala kutali ndi shopu yaikulu, ndipo mu August tirigu amakhala atakolola, mapiri ali mbuu ngati October wa kwathu, osati obiriwira monga mukuonera pa foni. Obiriwirawo ndi a April ndi May.

Pa za nyumba yeniyeniyo ndikufuna mumvetse chinthu chimodzi chifukwa chimafotokoza zambiri. Zambiri zomwe akuzitcha villa pa intaneti sizinamangidwe ngati nyumba za mabwana ayi, ndi casale, nyumba za alimi omwe ankalima munda wa mwini malo n'kumagawana naye zokolola pakati, dongosolo lomwe ankalitcha mezzadria, lofananako ndi la matenanti a m'maesiteti a fodya. M'ma 1950 ndi 1960 mabanja ambiri anasiya minda kupita m'matauni, nyumba zinatsala mabwinja, kenako anthu anayamba kuzigula n'kuzikonza. Ndiye mamangidwe ake, pansi munkakhala ng'ombe ndi zipangizo, anthu ankagona pamwamba, ndipo masitepe nthawi zambiri ali panja, amiyala, otalikirana, ena opanda pogwira. Lero khola lija ndi pabalaza ndi khitchini, zipinda zikadali m'mwamba. Choncho funso lanu loyamba kwa mwini nyumba likhale lakuti kodi pali chipinda chogona pansi chokhala ndi bafa pompo, ndipo bafalo ndi la shawa yolowa choyenda kapena ndi lija loti udumphe kaye? Kuchoka poimika galimoto kufika pakhomo pali masitepe angati? Musavomere yankho loti "n'pafupi", apempheni ajambule vidiyo akuyenda kuchoka pa galimoto mpaka m'chipindamo. Mwini nyumba woona mtima amajambula tsiku lomwelo.

Makoma ochindikala aja amathandiza kuti m'kati muzizizira, makamaka pansi, koma mu July ndi August kumatentha kupyola madigiri 35 masiku ambiri ndipo zipinda za pamwamba pansi pa denga usiku zimakhala ng'anjo. Nyumba zambiri zilibe AC, zina ili m'zipinda ziwiri zokha, zina amalipitsa padera potengera mita. Funsani chipinda ndi chipinda. Funsaninso ngati mawindo ali ndi zanzariere, timaneti totchinga udzudzu. Malungo kulibe, koma kuli udzudzu wa mizeremizere womwe amautcha zanzara tigre, umaluma masana dzuwa lili phwee ndipo mwana wamng'ono amatupa miyendo yonse, pafupi ndi nyanja ndiye umachulukirako madzulo. Za magetsi, nyumba zambiri ku Italy zimapatsidwa 3 kW yokha, mukayatsa uvuni, ketulo ndi makina ochapira pakamodzi magetsi phethi, ndiye tsiku lofika akuonetseni pomwe pali switch yaikulu. Mapulagi a ku UK salowa, tengani ma adapter angapo.

Swimming pool. Apa ndiye ndilankhula motsindika chifukwa mwana wa zaka 2 safuna mphindi zambiri. Musaganize kuti poti alemba kuti nyumba ndi ya mabanja ndiye kuti pool ili ndi mpanda. Zambiri zilibe, ili pa udzu pomwepo masitepe ochepa kuchoka pomwe mukudyera, zina madzi amafika m'mphepete penipeni kuti pa chithunzi zioneke ngati akugwera m'chigwa. Funsani: kodi yazunguliridwa ndi mpanda mbali zonse, geti lake limakiyidwa, kuya kwake ndi bwanji mbali iliyonse, ndipo ndi yanu nokha kapena mukugawana ndi alendo ena? Ngati mpanda palibe ine ndingaisiye nyumbayo olo ikongole chotani. Pamakhala akuluakulu anayi panyumba ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake ndi amene akuyang'ana mwana, ngozi zimachitika chonchi, pa nthawi yophika kapena yolongedza. Gawanani, wina adziwe kuti ola lino mwana ndi wanga. Yang'ananinso makoma a m'munda, chifukwa malo otsetsereka amawadula m'mathebulo ndipo pena pamakhala phompho la mamita awiri kuseri kwa maluwa.

Kenako msewu. Kumeneko kuli zomwe amati strade bianche, misewu yoyera ya miyala ndi fumbi, ndipo nyumba zokongola kwambiri zimakhala kumapeto kwa msewu wotere. Kwa munthu wozolowera misewu ya kumudzi si zachilendo, koma kumbukirani kuti muli pa galimoto ya hayala yodzadza anthu 7, mukuyendetsa kumanja, giya ili kudzanja lomwe simunazolowere, ndipo inshuwalansi wamba ya hayala nthawi zambiri siikhudza matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto. Kilomita imodzi ya fumbi palibe vuto. Makilomita anayi okwera phiri kawiri pa tsiku, tsiku lachitatu aliyense amakana kutuluka. Banja lina lomwe ndinalithandiza linaumirira nyumba ya pamwamba pa phiri chifukwa cha maonekedwe, mwana anatentha thupi usiku, ndipo bambo anayenda mphindi 25 mumdima kuti angofika pa tala. Muyeso wanga ndi uwu, kuchoka pa geti kufika pa shopu ya Coop kapena Conad ndi pa famase zisapyole mphindi 10 kapena 15 pa galimoto. Eni nyumba ena sapereka adiresi yeniyeni musanalipire, koma dzina la mudzi ndi kutalika kwa msewu wafumbi ayenera kukuuzani.

Ganiziraninso za agriturismo m'malo mwa villa ya nokha. Amenewa ndi mafamu enieni omwe lamulo la Italy la 1985, lomwe analikonzanso mu 2006, limawalola kulandira alendo bola ulimi ukupitirira. Mumapatsidwa nyumba kapena mbali ya nyumba yokhala ndi khitchini yanu, eni ake amakhala pompo, ena amaphika chakudya chamadzulo mukawauza m'mawa, ana amaona nkhosa, nkhuku ndi mitengo ya azitona ndipo amapeza anzawo osewera nawo. Kuipa kwake pool mumagawana ndipo simungachite phokoso mpaka pakati pa usiku. Koma kwa ulendo woyamba, kukhala ndi munthu woti mumugogodera madzi akasiya kutuluka, kapena wokuimbirani dokotala m'Chitaliyana, ine ndimaona kuti n'chinthu chachikulu kuposa kukhala panokha. Agogonso amasangalala kuona munda, amakhala ndi zofunsa.

Za ndalama, mtengo womwe mukuuona pamwamba si womaliza. M'nyengo ya July ndi August nyumba zambiri zimabwereketsa sabata yathunthu kuyambira Loweruka mpaka Loweruka, ndiye musagule matikiti a ndege musanatsimikize masiku a nyumba. Pakati pa August ndi pomwe pamadula kwambiri chifukwa pa 15 ndi Ferragosto, dziko lonse limakhala pa holide, mashopu ena otseka, malesitilanti odzadza. Ngati sukulu za ana zikulolani, sabata yomaliza ya August imakhala bwinoko. Funsani akulembereni zonse: kuyeretsa komaliza komwe amati pulizia finale, mashiti ndi matawulo, magetsi a AC, kabedi ka mwana ndi mpando wake wodyera, ndi cauzione, dipoziti ya zowonongeka yomwe ena amafuna kashi tsiku lofika. Palinso tassa di soggiorno, msonkho wa alendo womwe khonsolo iliyonse imaika wake, pa munthu pa usiku, ana ang'ono nthawi zambiri salipira.

Akuba aliponso, amatenga zithunzi za nyumba yeniyeni n'kuziika pena pa mtengo wotsika. Kuyambira January 2025 nyumba iliyonse yobwereketsa alendo ku Italy iyenera kukhala ndi nambala ya boma yotchedwa CIN, ndipo iyenera kuoneka pa malonda ake. Ngati palibe, funsani, akazemba yankho chokanipo. Wina akakuuzani kuti tichoke pa webusaiti tikambirane pa WhatsApp ndikuchotserani mtengo mukatumiza ku akaunti yanga, ayi ndithu. Lipirani ndi khadi. Koma mwini nyumba akakupemphani mapasipoti a aliyense tsiku lofika musadabwe, si ukathyali umenewo, lamulo limamukakamiza kupereka maina a alendo ku polisi pasanathe maola 24.

Galimoto ndi yofunika, popanda iyo villa ndi ndende. Ya mipando 7 ya otomatiki imatha msanga, bukani tsiku lomwe mwabuka nyumba, ndipo dziwani kuti mipando yonse ikadzadza malo a masutikesi amatsala ochepa kwambiri, mabanja ena amaona bwino kutenga timagalimoto tiwiri, tomwenso timakwana bwino m'timisewu topanikiza. Laisensi ya UK ya khadi ija imagwira ntchito, wa laisensi ya ku Malawi atenge ya international. Mwana aliyense wosafika masentimita 150 ayenera kukhala pa mpando wa ana, ndiye mwina ndi wa zaka 11 yemwe akufunika, muyezeni. Wosafika zaka 4 mpando wake uyenera kukhala ndi kachipangizo kolira mukamuiwala m'galimoto, lamulo limeneli linayamba mu 2019, auzeni a hayala akupatseni. Pothira mafuta, benzina ndi petulo, gasolio ndi dizilo, mawu achiwiriwo asokoneza anthu ambiri. Pa mageti olipira a A1 musalowe mzere wachikasu wa Telepass.

Chomwe chimaliza alendo ambiri ndi ZTL. Pafupifupi tauni iliyonse yakale ili ndi chigawo chomwe magalimoto a alendo saloledwa, pamakhala chikwangwani cha bwalo lofiira mkati moyera, ndi kamera. Palibe geti, palibe wapolisi wokuimitsani, GPS ikhoza kukulowetsani yokha, ndipo kalata ya chindapusa imakupezani ku Leeds patapita miyezi, a hayala atadulanso yawo pa khadi chifukwa chopereka dzina lanu. Kulowa kawiri ndi zindapusa ziwiri. Imikani galimoto kunja kwa mpanda wa tauni nthawi zonse. Mizere ya buluu ndi yolipira, yoyera ndi yaulere, yachikasu si yanu.

Ndiye poti galimoto itsala pansi, matauni omwe asankheni poganizira maondo a agogo. Pienza ndi yabwino kwambiri, yaing'ono, msewu wake waukulu ndi wosakwera, mumautha m'mphindi zochepa fungo la tchizi cha pecorino lili ponseponse, ndipo kuchokera pa khoma mumaona Val d'Orcia yense. Castiglione del Lago nayonso mukangofika pamwamba ndi poyalana, ana akhoza kuyenda pa makoma a linga lake, ndipo pa nyanjapo pali maboti opita ku chilumba cha Isola Maggiore. Orvieto muimike pansi cha ku siteshoni mukwere funicolare, kasitima kokokedwa ndi chingwe, ana amakakonda. Kuli chitsime cha San Patrizio cha masitepe 248, cha ana aakuluwo ndi bambo awo chimenecho, agogo akakhale pa bwalo la Duomo ayang'ane kumaso kwa tchalitchi komwe kumanyezimira ndi golide. Perugia ili ndi masitepe oyenda okha odutsa mkati mwa linga lakale la Rocca Paolina. Cortona ilinso nawo kuchokera koimika magalimoto, ndipo msewu wa Via Nazionale ndi wokhawo woyalana, ena onse ndi chitunda. Montepulciano ndiye ndi chitunda chenicheni kuchoka pa geti la pansi mpaka pa Piazza Grande, koma kuli kabasi kokwera pamwamba, kwerani kameneko muzitsika wapansi. Mukakhalako Lamulungu lomaliza la August mudzaona Bravìo delle Botti, anyamata akukankha migolo ya vinyo yolemera makilogalamu 80 kukwera nayo phiri, kungoti anthu amachuluka. Ku Siena pa 16 August ndi tsiku la Palio, mpikisano wa mahatchi, ndi mwana wamng'ono musapiteko tsiku limenelo, khamu lake ndi dzuwa lake n'zoopsa.

Ngati mayi anu ndi a Katolika, Assisi muipatse tsiku lakelake, osaphatikiza ndi kwina. Manda a Fransisko Woyera ali pansi pa tchalitchi chachikulucho ndipo kwa anthu ambiri achikulire omwe ndawaperekezako limakhala tsiku lomwe amalikumbukira kuposa ena onse. M'matchalitchi mapewa ndi maondo azikhala ophimbidwa, chitenje m'chikwama chimathetsa nkhani. Chitenje chomwecho chidzakuthandizaninso ndi mwana, chifukwa chikuku pa misewu ya miyala ndi masitepe chimangotopetsa, kumubereka kumbuyo n'komwe kumayenda.

Tauni imodzi pa tsiku, m'mawa. Tulukani cha m'ma 8, pofika 1 koloko mukhale mukubwerera, chifukwa nthawi imeneyo mashopu ang'onoang'ono amatseka mpaka cha m'ma 4 ndipo dzuwa limakhala lafika poipa. Masana ndi a pool ndi tulo. Masiku awiri pa sabatayo musapite kulikonse, mwalipira nyumba, ikhaleni. Malesitilanti madzulo satsegula isanakwane 7:30, mwana wa zaka 2 amakhala atatopa, ndiye kunja muzidya nkhomaliro, mgonero muziphika. Pa bilu mudzaona coperto, kandalama ka munthu aliyense wokhala pa tebulo, ndi mwambo wawo si kuti akuberani. Ana sakana pici, pasta yonenepa yopota pamanja ya dera limenelo, koma buledi wa ku Tuscany alibe mchere, auzeni agogo asanaulume.

Loweruka lofikalo gulani zakudya musanakwere kunyumba, chifukwa mashopu a m'midzi Lamulungu ena satsegula kapena amatseka masana. Ku shopu masamba ndi zipatso mumagwira mutavala kagulovu ka pulasitiki, nthawi zambiri mumayeza nokha pa sikelo n'kumata mtengo. Misika ya pa sabata ndiye yosangalatsa, Montepulciano Lachinayi, Cortona Loweruka, Siena Lachitatu, yonse m'mawa. Zinyalala amasiyanitsa, galasi pakepake, mapepala, pulasitiki, zotsala za chakudya, funsani tsiku lomwe amatenga chilichonse chifukwa eni nyumba ena amadula pa dipoziti mukasakaniza. Nambala ya ngozi ndi 112, famase mudzaizindikira ndi mtanda wobiriwira, ndipo okhala ku UK tengani makhadi a chipatala a GHIC pamwamba pa inshuwalansi ya ulendo.

Masiku atatu osadya nsima agogo ayamba kudandaula, zimenezo mukuzidziwa kale. Ataliyana amadya polenta ndiye ufa wa chimanga ulipo m'shopu iliyonse, farina di mais, kungoti wambiri ndi wachikasu komanso wamisere. Fufuzani wolembedwa fioretto, ndi wosalala, ndipo mukapeza wa mais bianco ndiye mwapeza woyera, koma umenewu umapezeka kwambiri kumpoto cha ku Veneto, choncho kunyamula makilo awiri kuchokera ku Leeds si kulakwa. Wa istantanea musagule, ndi wophikaphika kale ndipo sugwirana bwino. Nyama ndi mkaka musanyamule kuchoka ku UK, saloleza kulowa nazo. Ndiwo mudzapeza konko, nyemba zoyera za cannellini, masamba a bietola omwe amaphikika ngati sipinachi, nkhuku, tomato wakupsa bwino wa August. Mthiko ndi chipande muponye mu sutikesi, m'makhitchini a kumeneko simudzazipeza.